Madzi Okoma Pano

Zaka makumi atatu ndinkagawa makalata
m'misewu yafumbi ya kumadzulo kwa Texas,
mpaka agalu a m'mafamu anasiya kundiuwa.
Nditapuma ntchito miyendo inakana kupuma,
ndiye ndinayamba kuyenda pamapepala.

Dera lathuli lili ndi maboma oposa mazana awiri.
Ine ndili ndi mapu a makumi anayi okha,
akalekale, a zaka za m'ma 1800,
ogona chagada m'madilowa aatali
omwe ndinagula kwa wosindikiza mabuku atagwa mphwayi.
Mkazi wanga Wilhelmina amati m'chipindamo
mukununkha tchalitchi chosiyidwa.
Amatero akundiikira khofi pawindo,
kutali ndi tebulo,
chifukwa amandidziwa.

Ndimasamba m'manja ndisanawagwire.
Maboma ena ndi mabokosi chabe,
ngati woyeza malo ankathamangira kukadya;
ena mtsinje unawaluma m'nthiti.
M'kati mwake timinda tothithikana,
kalikonse ndi dzina la mwini wake
m'zilembo zowonda ngati miyendo ya udzudzu:
Arciniega, Voelcker, mkazi wamasiye wa Tolliver,
kampani ya njanji, kampani ya njanji,
kampani ya njanjinso.
Chakumtunda kumanzere pepala langoti mbee.
Pamenepo wojambula sanalembe kanthu,
ngati kuti Akomanchi ankamanga misasa m'mitambo,
ngati akavalo awo sankamwa madzi.
Amene ankathyola thonje la Tolliver osalipidwa
ndawafunafuna ndi galasi lokulitsira.
Palibe mzere wawo.

Loweruka lina ku okushoni, m'khola la ng'ombe losesedwa,
ndinalimbana ndi dokotala wa mano wa ku Abilene,
bambo wa nsapato zonyezimira, wokweza chala mosatekeseka.
Atafika madola mazana asanu ndi limodzi
ndinakweza dzanja osayang'ana Wilhelmina.
Mapuwo anali othetheka m'mapindo,
omatidwa pansalu, njenjete zitadya kumpoto.
Chomwe ndinafera si inki ayi.
Ndi pensulo.
Pangodya ya kamunda kopanda dzina
winawake analemba mopendekera, mwina atatsamira pachishalo:
madzi okoma pano,
kamtanda, ndi Ogasiti 1879.

Anali ndani? Sanasaine.
Munthu waludzu sasamala za dzina.

Tinapitako m'chilimwe, maola anayi pagalimoto.
Mnyamata wosamala famuyo, Eusebio,
anatitsegulira geti la waya waminga,
nayang'ana pepala langa, nandiyang'ana ine,
ngati woona munthu wofunsa za maliro a chaka chatha.
Tinayenda m'zitsamba zobaya, njoka zili m'maganizo.
Tinapeza miyala yoyera itazungulira dzenje,
chitini chadzimbiri, fupa la mwana wa ng'ombe,
ndipo chapatali mpope wa mafuta
ukuwerama, kudzuka, kuwerama,
ngati wopepesa kwa munthu amene anachoka kale.
Pano panauma bambo anga asanabadwe, anatero Eusebio.
Ndinagwada n'kukhudza pansi.
Dothi linali lotentha ngati mphumi ya wodwala.

Pobwerera Wilhelmina anangoti duu mpaka pa malo omwetsera mafuta.
Kenaka anati, Orval,
wagula ludzu la munthu wina pa mtengo wa furiji.
Sindinatsutse.

Usiku ndinayala mapuwo pansi pa nyale.
Ndinatenga pensulo yanga ya ku positi, yotafunidwa kumutu,
n'cholinga cholemba pansi pa kamtandako
kuti tinabwera, tinawasowa.
Osunga zakale tili ndi lamulo: usawonjezerepo kanthu.
Koma si lamulo linandigwira dzanja.
Ndinaona kuti pamalo ponse pamene tapondapo lero
ndi papepala pokha pomwe kasupeyo akadatumphuka,
ndipo ine ndimati ndimuphe kachiwiri.

Ndinabweza pensulo m'thumba.
Wilhelmina analowa ndi tambula ya madzi ozizira,
naiika patebulo penipeni,
chala chimodzi kuchokera m'malire a boma,
ikutuluka thukuta.
Sindinaisunthe.